Chipumi cha Nyumba ya a Nedim

Mukadzakumana ndi Levison Chimkwita pa siteji ya basi ku Erdington, mu mzinda wa Birmingham, atavala yunifomu yake ya buluu, kachikwama kali kumsana, musadzadabwe kuona kuti sakuyang'ana kumene basi ichokere ngati anzake. Iye maso amakhala ali pa zitseko za eni ake. Akaona chitseko chopendekeka amapukusa mutu ngati chamulakwira, akaona chokhomedwa bwino amachimwetulira. Mkazi wake Dorica anatopa nako kumukoka malaya. Amati tsiku lina apolisi adzamunyamula poganiza kuti akuzonda nyumba zoti adzathyole.

Munthuyu ndi kalipentala. Anagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi ziwiri pa boma la Dedza, pa shedi yake ya m'mbali mwa msewu, ndipo kumeneko dzina loti Levison ankalidziwa ndi a kutchalitchi okha. Ena onse ankamutcha Sikweya, chifukwa kachitsulo koyezera ngodya kotchedwa sikweya sikankachoka m'thumba mwake ngakhale pa maliro. Chiphunzitso chake chinali chimodzi: khoma liziima chilili, ngodya izikhala ngodya. Nyumba ya bambo ake ku Linthipe, ya zidina, ya khonde lozungulira ndi nsanamira zokhotakhota, anaigwetsa yekha chaka chimene anapeza bwino, n'kuwamangira ya njerwa yowongoka ngati bokosi la machesi. Mkuluyo anathokoza, koma mpaka imfa yake ankakhalira pansi pa mtengo wa mango, akuti nyumba yatsopanoyo inalibe pokhala. Levison ankangoti ndi ukalamba.

Ku Birmingham anabwera motsatira Dorica, amene anayamba kupeza ntchito yosamalira okalamba. Naye analowa yomweyo, koma yoyenda khomo ndi khomo: kudzutsa agogo, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwapatsa mankhwala, kulemba pa foni zimene wachita, n'kuthamangira basi. Musaganize kuti ankadandaula ayi. Levison ndi munthu wa mtima wokhala m'malo, ndipo ankati kumeta munthu ndi kupala thabwa n'chimodzimodzi, ungotsata kumene mizere yalowera. Chimene chinkamuwawa pang'ono ndi manja. Manja aja anali okhakhala anafewa ndi sopo ndi magolovesi, moti tsiku lina kutchalitchi mnzake wa ku Dedza atamugwira chanza anafuula kuti, "Aa, Sikweya, manja a abusa awa!" Anthu anaseka, nayenso anaseka, koma pobwerera kunyumba manjawo anawabisa m'matumba.

M'chaka chake chachiwiri, Shanice wa ku ofesi, amene amagawira anthu makomo, anamuuza mopepesa kuti akumutumiza kwa a Nedim. Khomo limeneli aliyense ankalithawa. A Nedim anali mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, wochokera ku mapiri a kumpoto kwa dziko la Turkey, amene anafika ku Birmingham ali mnyamata n'kukalamba akukhoma mashelefu ndi makauntala m'masitolo a mu Stratford Road. Akazi awo anamwalira, sitiroko inawalanda dzanja lamanja, mutu nawo unali utayamba kutaya zinthu. Pakamwa pokha ndi pamene panatsala pamoyo. Anali atathamangitsa kale anthu asanu, wina chifukwa choponda kapeti ndi nsapato, wina chifukwa chosuntha mpando wawo kuuchotsa pa windo.

Tsiku loyamba Levison anavula nsapato pakhomo osauzidwa, monga analeredwera. Potseka chitseko anamva chikukhula pansi, ndipo dzanja lake, osafunsa mwini wake, linayenda m'mphepete mwa chitsekocho kufufuza pamene chatupa. Atatembenuka anapeza mkulu uja akumuyang'anitsitsa.

"Iwe si nesi," anatero a Nedim. Ankalankhulana Chingerezi, cha mkuluyo chokhota, cha Levison chokhotanso, koma anamvana bwino lomwe. "Ndiwe wa matabwa."

"Ndinali, bambo."

"Palibe zoti ndinali. Bwera ndione manja."

Anawatembenuza manjawo n'kutsonya poona kufewa kwake, koma atapeza chipsera cha tchizulo pa chala chachikulu anagwedeza mutu. Tsiku limenelo anametedwa ndevu osatukwana munthu.

Patapita sabata anamulozera katoni imene inali pamwamba pa wadiropu, koma sanamulole kuitsegula. Anangomuuza nkhani yake. Nyumba imene anabadwiramo inali yosanja, ya miyala pansi, ya matabwa ndi dothi pamwamba, monga ankamangira makolo kwawoko. Abale anaigulitsa kalekale, ogulawo n'kuigwetsa, pamalopo n'kuimika mafulati. Chithunzi chinalipo chimodzi chokha, cha anthu ataima pakhomo, nyumbayo yosaoneka. Mwana wawo yekhayo, Aysel, wobadwira konkuno, sanaione n'kamodzi komwe. Ndiye mkuluyo atapuma pa ntchito anayamba kuimanganso yaing'ono, yoti n'kukhala pa tebulo, kuti mwanayo ndi ana ake adzadziwe kumene anachokera. Anayambira pamwamba, chifukwa n'kumene kunali mtima wawo, ndipo chigawo chimenecho n'chimene chinali m'katonimo. Atangochimaliza, sitiroko inafika. Tsopano nyumba yonse inatsala m'mutu mwa munthu mmodzi pa dziko lonse lapansi, ndipo mutuwo unali ukudontha tsiku ndi tsiku.

"Ine ndili ndi mutu wopanda dzanja, iwe uli ndi manja ongokhala," anatero a Nedim. "Tifulumire."

Aysel, mayi wa zaka makumi asanu wophunzitsa sukulu ku Wolverhampton, anakambirana ndi a ku ofesi kuti maola awiri a Lachiwiri ndi Lachinayi masana, amene analembedwa kuti ndi ocheza ndi mkuluyo, azikhala a nyumbayo. Ndipo ngati Levison anakhalapo wokondwa ku Ulaya kuno, inali miyezi imeneyo. Ankafika, kuwadyetsa, kuwamwetsa mankhwala, kenako n'kuyala nyuzipepala pa tebulo. Fungo la thabwa locheka kumene likamulowa m'mphuno, ankayamba kuimba nyimbo za kwaya osadziwa kuti akuimba.

Anamanga chigawo cha pansi ndi timiyala totola m'munda wa kuseri, kumata kamodzikamodzi. A Nedim ankalamula ali pa mpando. Pansipo, anati, sipankagona anthu, panali pa bulu, nkhuni ndi tirigu, ndiye mawindo panalibe, kupatula kabowo kolowetsa mpweya. Chitseko chinali chachikulu choti bulu alowe ndi katundu wake, ndipo chinali ndi zogogodera ziwiri za chitsulo, chachikulu cha amuna, chaching'ono cha akazi, kuti wa m'nyumba adziwe wokatsegula ndani asanatsike makwerero. Levison anazikonda zimenezo. Koma atamva za pamwamba anaseka mpaka misozi. Akuti munalibe mabedi, munalibe mipando, munali benchi yaifupi yoyala mapilo yotsata mawindo. Zogonera zinkalongedwa m'makabati a m'khoma kukacha, chipinda chomwecho n'kusanduka chodyera ndi chochezera. Ndipo kabati imodzi ukaitsegula n'kuchotsa thabwa la pansi, inali bafa.

"Kusamba m'kabati, bambo?"

"Nanga inu kwanu mumasamba kuti?"

"Kuseri, m'kampanda ka udzu."

"Ndiye ukuseka chiyani? Ife mphepo sinkationa."

Panali chinthu chimodzi chimene chinkamuyabwa Levison. Kwawo kwa a Nedim, mmisiri wokhwima amamutcha usta, ndipo dzinalo munthu sadzipatsa yekha, amachita kumupatsa amene anamuphunzitsa. Iwo anadikira zaka khumi ndi chimodzi kuti alimve. Levison ankawaitana choncho, Usta, ndipo ankakondwa nalo. Koma iwo ankamuitana kuti wophunzira. Bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, wokhoma denga la tchalitchi lathunthu, wophunzira! Ankangomeza. Anamezanso tsiku limene anamulamula kuti khoma la kutsogolo alipendeketse, lisayang'anizane bwino ndi la kumbuyo. Anatulutsa sikweya yake, kuwaonetsa kuti ngodya yathawa. Iwo anangoti, "Msewu unali wokhota, ndipo msewu ndi umene unayamba kubwera. Mata." Anamata, mtima ukukana.

Mu Novembala mkuluyo anadwala chifuwa ndipo anagonekedwa m'chipatala masabata awiri. Apa m'pamene Levison anaganiza zochita chinthu chabwino, ndipo inu mukudziwa kuti zinthu zambiri zowonongeka pa dziko pano anaziwononga anthu ofuna kuchita zabwino. Anapempha Aysel kuti atenge zigawo ziwiri zija apite nazo kwawo akazilumikize, kuti bambo ake potuluka adzapeze nyumba yathunthu. Aysel anavomera ndi manja awiri.

Loweruka masana anaika zonse pa tebulo la kukhitchini n'kutsegula katoni ija koyamba. Ntchito imene inali mmenemo sanaionepo chibadwire: timitanda tolumikizana popanda msomali, timawindo tambirimbiri totseguka ndithu, denga lotambalala la timatailosi tofiira, ndi kabati ya bafa ija ili pompo pakona. Anasamba m'manja asanaigwire. Kenako anainyamula bwinobwino n'kuikhazika pa chigawo cha miyala.

Sizinakwanirane. Kumbuyo ndi m'mbali zinagwirana bwino, koma kutsogolo chipinda cha pamwamba chinapitirira khoma, n'kulendewera m'malere ngati chipumi, mbali ina pang'ono, mbali ina kwambiri. Anatembenuza, kuyesa uku, kuyesa uku, chimodzimodzi. Levison anamva chisoni chachikulu. Anaganiza kuti mutu wa mkuluyo unayamba kudontha kale kuposa mmene anthu ankadziwira, ndipo kuti mmisiri wa luso lotere akadzaona kuti anaphonya muyeso adzafa ndi manyazi. Nyumba iti imene pamwamba pamakula kuposa maziko? Ku Dedza ukamanga choncho anthu amabwera kudzakuonera.

Dorica anatulukira atavala kale za ku ntchito, n'kumupeza akunola pensulo.

"A bambo a Mwayi, mukufuna kutani ndi sowo imeneyo?"

"Ndingowongola pang'ono. Agogo anaphonya measurement."

"Client wanu ali ku hospital, inu mukupanga ma decision pa nyumba yake? Ku training anatiuza chiyani? Muzifunsa kaye."

"Ndikafunse munthu ali pa oxygen? Iwe dziwa za ma shift ako, za matabwa undisiyire ine."

"Chabwino, a Sikweya," anatero Dorica akutseka zipi ya jekete. "Ine ndapita."

Anacheka. Ndipo ndinene zoona, anacheka bwino kwambiri. Chipumi chonse chinachoka, pamodzi ndi timawindo tiwiri topapatiza timene tinali m'mbali mwake, n'kubwezera khoma la kutsogolo m'mbuyo kuti likhale ndendende pamwamba pa miyala. Pomaliza simukanadziwa kuti panadutsa sowo. Ku shedi kwake kachidutswa ka thabwa sankataya, koma m'fulati ya zipinda ziwiri mulibe posunga zinyalala, ndiye anasesa zonse n'kukataya m'bini. Lachiwiri m'mawa galimoto ya zinyalala inadutsa.

A Nedim anatuluka m'chipatala ataonda, koma maso ali gwa. Aysel anawakhazika pa mpando wawo wa pa windo, Levison n'kubweretsa nyumbayo itafundidwa thaulo, mtima ukugunda ndi chimwemwe. Anavundukula.

Mkuluyo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja lamanzere n'kupapasa m'malere, patsogolo pa khoma, pamene panalibe kanthu.

"Chili kuti?"

"Chinapitirira, Usta. Ndinangowongola kuti zikwanirane."

"Tulutsa kachitsulo kako kaja. Chotsa denga. Ika m'kati, pa ngodya ya chipinda."

Levison anachita zimene anauzidwa. Sikweya inakana kukhala. Ngodya inali itathawa.

"Chipinda chimenecho chinali chowongoka mbali zonse zinayi," anatero a Nedim, mawu ali pansipansi. "Pansi timatsata msewu, chifukwa msewu ndi wa anthu onse, sungaube. Koma anthu sangakhale m'chipinda chokhota, ndiye timawongolera m'mwamba, pamene sitipinga munthu. Iwe wachotsa chowongoka n'kusiya chokhota." Kenako mawu anasweka. "Nanga amayi anga akhala pati?"

Levison anafuna nthaka itang'ambika. Anagwada pa kapeti pomwepo n'kupepesa, n'kulonjeza kuti abwezeretsa, angomuuza muyeso. Mkuluyo anatsegula pakamwa kuti anene. Anatchula nambala, n'kuikana, kutchula ina m'chilankhulo chawo, n'kuikananso. Anayang'ana Aysel, anayang'ana manja awo. Muyesowo unali utapita. Unali utasungidwa m'thabwa, ndipo thabwalo linali ku dzala la mzinda wa Birmingham.

Akanamuthamangitsa ngati anzake asanu aja bwenzi zili bwino. Koma sanamuthamangitse. Ankalola kusambitsidwa, kumetedwa, kumwa mankhwala, osatukwana, osaseka, osafunsa za nyumba. Masabata awiri anatha choncho, ndipo Levison ankaona ndi maso ake kuti masiku amene mkuluyo akukhala chete, zinthu zikutayika msanga kuposa kale. Tsiku lina anafunsa kuti akazi awo apita kuti. Kunyumba Levison chakudya chinkamukanika. Dorica sananene kuti ndinakuuzani, poti ndi mkazi wachifundo. Anadikira masiku anayi athunthu. Lachisanu lake, akumuthirira tiyi, anangoti, "Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Inu ndiye mwaposa, yanu ndi yopanda chipumi." Kenako anamugwira paphewa. "Musangokhala ndwii. Munthu amene uja akadali moyo. Pezani njira."

Njirayo anaipeza chifukwa cha ulesi. Lachinayi lina masana a Nedim anagona atadya, ndipo Levison, miyendo itatopa, anachita chinthu choletsedwa: anakhala pa mpando wawo kuti alembe za ku ofesi. Nyumba zambiri za m'misewu ya ku Erdington zili ndi windo lotulukira kunja pa chipinda chochezera, la magalasi atatu, lalikulu kutsogolo, awiri opapatiza m'mbali. Mpando wa mkuluyo unali m'kati mwa windo lotere, utatembenuzidwa chammbali. Levison atadzutsa mutu anaona msewu wonse mpaka ku siteji ya basi, mayi wina akukankha mwana, wa positi akutuluka pa geti. Atapotoloza khosi anaona mbali inayo mpaka pa golosale ya pakona. Pa windo wamba ukanangoona nyumba ya kutsidya basi. Apa munthu unali m'nyumba, koma unalinso panja pamodzi ndi anthu.

Foni anaiika pansi. Anakumbukira bambo ake pansi pa mango. Khonde lija analigwetsa linkazungulira nyumba yonse, ndipo mkuluyo ankasuntha ndi mthunzi, m'mawa kuona njira ya kudimba, madzulo ya kumsika, kupereka moni kwa aliyense wodutsa. Iye anawamangira makoma anayi owongoka n'kuwatsekera m'kati. Manyazi anamugwira kawiri pa mpando umodzi, ndipo analira pang'ono, mwakachetechete kuti asadzutse wodwala. Atapukuta m'maso anaimbira Aysel kumupempha kuti Loweruka abwere, ndipo avale siketi yaitali.

Lowerukalo sanafunse za manambala. Anachotsa mpando, n'kuyala mapilo pansi m'kati mwa windo lija, n'kukhazika a Nedim pafupi.

"Usta, aiwaleni masentimita. Mundiuze, amayi ankakhala bwanji?"

Mkuluyo anamuyang'ana mokayika. Aysel anakhala pa mapilo paja.

"Ayi, osati choncho," anatero a Nedim mwadzidzidzi, mawu a ukali aja atabwerera. "Chammbali. Msana pa nsanamira ya pakona. Dzutsa bondo limodzi. Thireyi ya nyemba pa miyendo. Sunthira uko, phewa lawo linkakhudza galasi." Aysel anasuntha. "Eya. Ndipo ine ndinkagona apa, pambali pawo, pakati pa iwo ndi chipinda, mutu pa ntchafu yawo. Ndikatambasula phazi linkagunda pamene benchi yathera."

Levison anali atatulutsa kale tepi. Anayeza kuchokera pa phewa la Aysel mpaka pamene chala cha mkuluyo chinaloza, n'kulemba pa chikhatho.

"Nanga mbali inayo, yopapatiza?"

"Kumeneko sikunkakhala munthu. Kunkakhala mtsuko wa madzi, kuti uzizizira ndi mphepo."

"Waukulu bwanji?"

A Nedim anayankha ndi manja. Anakweza manja onse awiri, ndi lakufa lomwe linayesetsa, n'kukumbatira mtsuko umene unasweka zaka makumi asanu ndi awiri zapitazo. Levison anayeza pakati pa manjawo. Aysel anali akulira, koma bambo ake sanamuone. Anali akusimba kuti amayi awo sankatuluka kawirikawiri, komabe palibe chimene chinkachitika m'msewumo osachidziwa, ndipo akaona pa kawindo ka m'mbali bambo akukwera chitunda kuchokera kumsika, ankamugwedeza mwana wawoyo ndi bondo kuti athamange akatsegule. Anasimbanso kuti iwo ankagwetsera makoko a mtedza pa zipewa za anthu odutsa pansi, ndipo tsiku lina anakwapulidwa chifukwa chipewacho chinali cha aphunzitsi. Anaseka mpaka kutsokomola.

Ntchito yobwezeretsa inatenga miyezi iwiri, ndipo nthawi ino Levison sankadula kanthu osaonetsa. Atachepetsa miyeso ija n'kuimika chipumicho, anaika sikweya m'kati mwa chipinda, mtima uli m'mwamba, ndipo inakhala ngati inabadwira pomwepo. Chinatsala ndi michirikizo, timitengo tinayi tochoka pa khoma la miyala kukanyamula chipumi kunsi. Timeneti a Nedim anali asanatipange, ndipo anati tiyenera kukhala topindika, osati towongoka. Levison anataya tisanu ndi tiwiri asanapeze kupindika kokoma m'maso. Munthu amene moyo wake wonse ankadana ndi chinthu chokhota anakhala masabata atatu akusema zokhota, akuimba. Makoma anawapaka laimu, nyumba inayera mbee, ndipo Aysel anasoka timapilo ta benchi ndi nsalu ya diresi la malemu amayi ake.

Anamaliza mu Febuluwale, ndipo anamaliza pa nthawi yake, chifukwa pofika chilimwe mutu wa a Nedim unali utataya zambiri. Masiku ano mkuluyo amamuitana Aysel ndi dzina la mlongo wawo. Dzina la Levison salidziwanso, amangodziwa kuti ndi munthu wabwino wobwera ndi madzi ofunda. Koma si munthu wosauka mtima ayi. Masana alionse Levison amaika nyumba ija pa katebulo m'kati mwa windo, ndipo mkuluyo amayendetsa chala m'msewu, kugogoda ndi chogogodera chachikulu, kulowa, kupatsa bulu moni, kukwera makwerero, n'kutchula chipinda chilichonse ndi amene ankagonamo, osaphonya. Aysel anajambula zonsezo pa foni, ndipo ana ake tsopano amadziwa kabati imene inali bafa. Kunyumba kwa Levison nakonso, pamwamba pa firiji, pali kanthu kena kofundidwa thaulo. Dorica anasuzumira tsiku lina n'kuona kanyumba ka dothi kosamaliza, kozunguliridwa ndi timitengo tokhotakhota, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirane sanamuseke.

Mwezi wathawu, Lachinayi, a Nedim atamaliza ulendo wawo wa chala anaweramira pansi pa chipumi, n'kuyamba kusisita michirikizo ija ndi chala chachikulu, umodziumodzi, monga amachitira amisiri pofufuza cholakwa. Anatenga nthawi.

"Anamanga ndani nyumbayi?" anafunsa.

"Inuyo, Usta," anayankha Levison akupinda thaulo.

"Pamwambapa ndi ine, dzanja langa ndikulidziwa. Koma izi si zanga." Anagogoda mchirikizo umodzi ndi chikhadabo. "Ine sindinkapinda chonchi. Apa panadutsa munthu wina. Taona mmene walumikizira, ngakhale tsitsi silingalowe. Ameneyu ndi usta."

Levison anaima chilili, thaulo lili m'manja.

"Umamudziwa?" anafunsa mkuluyo.

"Ndimamudziwa, bambo."

"Ukakumana naye umuuze kuti amayi akhala bwino."

"Ndimuuza," anatero Levison.

Analowa kukhitchini kukateleka madzi a tiyi, ndipo anaima pamenepo akuyang'ana manja ake ofewa aja mpaka ketulo inazima yokha.